Alendo Obadwira ku Ndirande

Chisangalalo anabadwira ku Bangwe, kumtunda kwa msika, m'nyumba ya njerwa zosawotcha imene bambo ake, a Ignasio, anamanga okha masiku opuma ku fakitale ya sopo ku Makata. Dzinalo anamupatsa ndi agogo ake akuchimuna, mayi Anastasia, chifukwa mwanayo anabwera pambuyo pa ana awiri amene sanakhalitse. Banjali ndi la kuchigwa cha Shire. Amuna awo a mayi Anastasia anawoloka mtsinje ali mnyamata kuchokera ku Mutarara, ku Mozambiki, nadzakwatira ku Nsanje. Ana awo anakwera kubwera ku Blantyre kudzafuna ntchito, monga anachitira anthu ambiri a kumeneko. Si banja lobwera ndi mphepo ayi. Ndi anthu a pemphero, olimbika ntchito, ndipo wofuna kutsutsa akafunse ku tchalitchi.

Mu 2003 matenda aja ankasesa m'makomomu anatenga a Ignasio, ndipo mvula isanagwe kawiri mayi ake a mwanayo anatsatira. Achibale anabwera, analira mokweza, anagawana mipando ndi wailesi, nabwerera kwawo. M'nyumbamo munatsala anthu awiri: nkhalamba yogulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangwe, ndi mtsikana wa Sitandade 5 amene mawu anamuthera m'kamwa.

Kusukulu anzake ankamutcha Namlamba. Ankati yunifolomu yake ikununkha utsi wa nsomba, ndipo akamayandikira ankatseka mphuno. Nanga si fungo lomwelo linkagula makope? Chisangalalo akaweruka ankangolunjika ku benchi la agogo ake, n'kumalemba homuweki pabondo, ntchentche zili balala. Tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi akamaitana manambala pamaso pa makolo, dzina lake silinkachedwa kumveka. Ana ena akatchulidwa, anzawo ankawanyamula m'mwamba ndi kukuwa. Iye ankatuluka yekha pamzere, kulandira kope ndi pensulo, n'kubwerera yekha. Nthungululu inkamveka imodzi basi, ya agogo ake, koma inkakwana bwalo lonse. Amene ankati mwanayu ndi wonyada sankamudziwa. Ankangosowa womuitana.

Anakhoza bwino Folomu 4, anasankhidwa kupita ku koleji ya boma kukaphunzira masamu owerengera anthu ndi zinthu, nabwerako ndi digiri yake, wopanda mimba, wopanda mbiri. Mu 2015 anapeza ntchito pa yunivesite ina yaing'ono, yosakhala ya boma, mumzinda momwemu. Dzina la yunivesiteyo tilisiye. Anamuika mu ofesi ya a rejisitala, kuti azisunga pakompyuta chiwerengero cha ophunzira.

Masabata oyamba ankadyera mu ofesi, chitseko chili chitsekere. Tsiku lina chitsekocho chinatseguka popanda odi. Analowa Betty, mayi wa ku Chilomoni wogwira ntchito yofalitsa nkhani za yunivesiteyo, wamtali, wa milomo yofiira, woyankhula ngati anameza wailesi.

"Iwe ndiwe watsopano uja eti? Ukubisa chiyani mu kontenamo, nyama ya galu?"

"Ndi mpunga chabe, asisi. Ndi mlamba."

"Mlamba! Ndiye n'kumadya wekha? Ufiti umayamba choncho. Nyamula, tiye kuseri."

Kuseri kwa laibulale kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pake amayi angapo a m'maofesi ankadya mmemo: aliyense kubwera ndi chake, makontena onse pakati, dzanja lilowe pamene lafuna. Betty anavundukula kontena ya Chisangalalo, fungo lija linatuluka. Mtsikanayo anaweramitsa mutu, kudikira kuti atseke mphuno. Koma manja anapikisana, ndipo posakhalitsa munangotsala minga.

"Mawa ubwere ndi iwiri," anatero Betty akunyambita zala. "Agogo akowo uwauze kuti apeza kasitomala wosalipira. Komanso dzina lakoli ndi lalitali ngati msewu wa Midima. Kuyambira lero ndiwe Chisa."

Tsiku limenelo anafika kunyumba akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, mpaka agogo ake anamufunsa ngati wapeza mwamuna. Sanali mwamuna. Anali malo ake, pamuzu wina wa mango, pakati pa Betty ndi mayi wa ku ofesi ya malipiro. Anamulowetsa m'gulu lawo la pafoni. Anayamba kuyenda nawo m'zinkhoswe ndi m'maukwati, kusoketsa madiresi ofanana. Anaphunzira ngakhale kubweza nthabwala, pang'onopang'ono, ngati mwana wophunzira kuyenda atakula kale. Ena amabadwa ndi anzawo ngati mano m'kamwa. Iye anawapeza mochedwa, ndipo ankawasunga ngati dzira.

Tsopano mumve. Kunja kuno kuli mabungwe amene amaika mayunivesite a dziko lonse lapansi pamndandanda, monga aphunzitsi amachitira ndi ana kumapeto kwa teremu: uyu woyamba, uyu wachiwiri, mpaka kumchira. Sabwera kudzaona ndi maso. Amatumiza mafunso pa intaneti kuti yunivesite iyankhe yokha. Ophunzira alipo angati? Aphunzitsi angati, ndipo ophunzira kwambiri mwa iwo ndi angati? Nanga ophunzira ochokera kumayiko ena? Funso lomalizali amaliwerengera kwambiri, chifukwa amati sukulu imene anthu amadumpha malire kuitsata ndiye kuti muli zabwino.

Akuluakulu a yunivesite ija anaganiza zolowa nawo mpikisanowo. A rejisitala, bambo Willard, munthu wa imvi, wofatsa, wosunga mankhwala a bipi m'dirowa, anaitana Chisangalalo.

"Mayi, inu ndi manambala mumamvana. Mafunso awa ayankheni. Musawonjezere, musachotse."

Anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Aphunzitsi anawawerenga, n'kubwerezanso, mpaka kuchotsa amene anasiya ntchito koma mayina awo ali m'kompyutabe. Pa funso la alendo anachita zimene aliyense akanachita. Paja wophunzira aliyense polembetsa sukulu amafunsidwa za kwawo: mudzi, mfumu, boma, dziko. Iye anauza kompyuta kuti isankhe onse amene pa dziko sanalembe Malawi. Anatuluka oposa mazana awiri. Anadabwa pang'ono, koma nkhani yabwino munthu saifunsa kawiri, ndipo tsiku lotseka linali litayandikira. Anatumiza. M'munsi mwake munali malo a woikira umboni kuti zonsezi n'zoona, ndipo analembamo dzina lake ndi la bambo ake.

Zotsatira zinatuluka mu 2017. Kayunivesite kaja kanali nambala 63 mu Africa muno.

Aaa, kunali fumbi! Malipenga a magalimoto, ophunzira kuvina pageti, akuluakulu kukumbatirana ndi alonda. Paja ife chisangalalo chopanda nsalu sitimachiwerengera. Anadinditsa chitenje chobiriwira, chizindikiro cha sukulu m'mbali, pakati nambala 63 yaikulu ngati mwezi. Betty anaoneka pa TV atavala chimenecho kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akunena kuti achinyamata a mayiko ena akukhamukira ku Blantyre. Pansi pa mango anzake anamunyamula Chisa m'mwamba, iye akukuwa kuti amutsitse, nsapato imodzi itagwa. Anali asananyamulidwepo chibadwire.

Mayi Anastasia anagula nsaluyo yambiri, nagawira amayi a mphakati wawo wa ku tchalitchi. Pamsika ankaima n'kutambasula m'chiuno kuti aliyense aone.

"Nambala iyi mukuiona? Anaitumiza ku Ulaya ndi mdzukulu wanga. Mwana wa Ignasio. Namlamba yemwe uja munkamutsekera mphuno! Ana anu ali kuti lero?"

Chakudza sichiimba ng'oma. Patapita miyezi ingapo Betty anaganiza zokonza tsiku la alendo: ophunzira onse ochokera kunja asonkhane mu holo, aliyense ndi mbendera ya kwawo, ajambulidwe chithunzi chachikulu choti chikaikidwe pamsewu. Anamata zidziwitso pena paliponse. Anabwereka mipando, anaitana wojambula, anagula zakumwa. Nthawi itakwana, mu holo munalowa kagulu koti n'kukwana mu minibasi imodzi: a ku Zimbabwe angapo, a ku Chipata angapo, ndi mnyamata mmodzi wa ku Tanzania wogwira mbendera yake mwamanyazi. Mipando ina yonse inali yasa.

"Chisa, enawo ali kuti?" anafunsa Betty, thukuta likuchotsa ufa wa kumaso. "Thamanga ku ofesi ukawaimbire. Mwina akuopa kuti tiwafunsa mapepala a imigireshoni."

Chisangalalo anakhala pa desiki lake, natenga dzina loyamba. Anali Dennis, wophunzira za bizinesi m'makalasi a madzulo.

"Halo, a Dennis? Kuno ndi ku ofesi ya a rejisitala. Tikuitana ophunzira onse ochokera kunja kuti abwere ku holo."

"Ndiye mukundiuziranji ine, madamu? Mukufuna wonyamula mipando?"

"Apa zikuonetsa kuti ndinu a ku Mozambiki."

Foni inadzaza ndi phwete. Chakumbuyo kunkamveka kondakitala akuitanira minibasi.

"Madamu, ine ndinabadwira pa chipatala cha Gulupu, ndakulira pa Goliyo, mu Ndirande muno. Chipwitikizi ndimadziwa liwu limodzi, lotukwana. Ku Mozambikiko phazi langa silinapondeko."

"Nanga munalemberanji kuti kwanu ndi ku Milange?"

"Nanga si munafunsa kwathu? Kwathu ndi kumene anachokera agogo. Mumafuna ndilembe Ndirande? Ndirande n'kwawo kwa munthu? Kafunseni aliyense, muno timangogonamo."

Anaimbira wachiwiri, mayi wa ku Machinjiri. Iyenso anabadwira konkuno, makolo ake anabadwira ku Nsanje, koma kwawo ndi ku Mutarara. Wachitatu anali wa ku Zingwangwa, Myao wa agogo ochokera kutsidya kwa malire a ku Mangochi. Wachinayi anamufunsa ngati alendowo apatsidwa chakudya, kuti naye akhale mlendo wa tsiku limodzi.

Anaika foni pansi. Palibe ananama mwa anthu amenewa. Anafunsidwa funso la kwathu kuno, nayankha monga timayankhira. Munthu angabadwire m'tauni, kukwatira m'tauni, kumera imvi m'tauni, koma ukamufunsa kwawo amatchula mudzi umene mwina sanauonepo. Pa maliro a bambo ake omwe, wolengeza anati malemuwa kwawo ndi ku Mutarara, chonsecho a Ignasio anafa osadziwa njira ya kumeneko. Pa yunivesite yonse, munthu woyenera kuzindikira zimenezi msanga anali iyeyo. Koma anangoona manambala, osaona anthu.

Anabwerera ku holo. Betty anamuyang'ana ndi maso a chiyembekezo. Apo ndiye panali ponenera. Pakamwa panatseguka, koma anaona anzake a mmemo onse ali pamenepo m'nsalu zawo zobiriwira, akukonza mabotolo patebulo, wina akumukodola kuti adzalawe keke.

"Ambiri ali m'makalasi," anatero. "Ena mafoni sakuyankha."

Betty anatsonya, nauza wojambula kuti ayandikire kwambiri, mipando isaoneke.

Loweruka masana, ali pakhonde kusankha milamba yoti ipite kumsika, anawauza agogo ake zonse. Mayi Anastasia anamvetsera mpaka kumapeto, nsomba ili m'manja.

"Ndiye cholakwika chili pati? Anawo kwawo sakukudziwa?"

"Akukudziwa, agogo. Koma azunguwo sakufunsa kumene kuli manda a makolo. Akufunsa amene anabwera ndi pasipoti."

"Ndiye vuto ndi lawo, osadziwa kufunsa! Wakudandaulira ndani?"

"Palibe."

"Wadziwa ndani?"

"Ine ndekha."

"Basitu. Tseka pakamwa. Mwana iwe, nsalu ija ndinagawira mphakati wonse. Abambo mfumu anakutchula pa guwa. Ukufuna ndikayende bwanji pamsika paja? Ndipo anzako aja, ukuganiza kuti akakuombera m'manja? Wakhala wekha moyo wako wonse, lero Mulungu wakupatsa anthu, iwe ukufuna uwathire madzi otentha?"

Mawu amenewo analasa pamene pankapweteka kale. Chisangalalo anapitiriza kusankha nsomba, zazikulu uku, zazing'ono uku. Patapita nthawi anati, motsitsa mawu:

"Pansi pa pepala lija pali dzina la ababa."

Nkhalambayo inaponya mlamba mu dengu, n'kulowa m'nyumba. Tsiku lonselo sanayankhulane. Pa Misa Lamulungu anakhala benchi limodzi ngati anthu ongokumana mu basi. Pa foni gulu lija linkangolira, Betty akutumiza zithunzi za mu holo ndi nthabwala zake. Kangapo konse Chisangalalo anayamba kumulembera, n'kufufuta. Ankadziuza kuti nkhani ya ntchito iyambire kwa abwana. Zoona zake n'zakuti ankaopa nkhope ya Betty kuposa ya wina aliyense.

Lolemba m'mawa analowa kwa bambo Willard, nafotokoza ataimirira. Mkuluyo anavula magalasi, napukuta kumaso ndi dzanja.

"Alendo enieni ndi angati?"

"Sakwana makumi awiri, bwana."

"Mayo ine." Anatsegula dirowa, kuyang'ana mankhwala awo, n'kutsekanso. "Inenso pepala lija ndinaliona, sindinafunse. Tonse tinkafuna kuti zikhale choncho. Tamverani, mayi. Tikhoza kukhala chete, chaka chamawa n'kutumiza zolondola, nambala itsike yokha ngati madzi a m'chitsime. Palibe angaloze munthu chala."

"Ana alembetsa chaka chino chifukwa cha nambala imeneyi, bwana. Makolo ena achotsa ana kwina kuwabweretsa kuno. Ndipo tikulembetsabe."

Bambo Willard anayang'ana pawindo.

"Chabwino. Ndikakumana ndi akuluakulu. Akavomera, mulembe, ine ndisayina. Koma ndikuuzeni ngati mwana wanga: anthu sadzadana ndi ine. Ine ndi nkhalamba, ndikupuma posachedwa. Adzafuna nkhope yoti aziyang'ana, ndipo idzakhala yanu."

Akuluakulu anakangana, ena kumenya tebulo, koma pamapeto anavomera. Zimenezo tiwayamikire. Kalata inapita. Bungwe lija linayankha mwaulemu, kuthokoza, linawerengeranso, ndipo pa tsamba lawo la pa intaneti yunivesite ija inatsetsereka mpaka kumunsi, kumene saikako ngakhale nambala yeniyeni, amangoti ili m'gulu la otsalira. Pambali panali kamzere kakang'ono konena kuti chiwerengero cha ophunzira akunja chakonzedwa. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Kwa ife ndiye inali ikuyamba.

Anyamata a pa intaneti anatenga chithunzi cha Betty cha pa TV chija n'kumachiponya paliponse. Anamutcha Mayi 63. Wina anajambula minibasi ya ku Ndirande n'kulemba kuti ndege ya ophunzira akunja yatera. Ana a Betty ankasekedwa kusukulu. Mwiniwakeyo nkhaniyi anaimvera mu msonkhano wa ogwira ntchito onse, pamodzi ndi alonda ndi okolopa, atakhala kutsogolo ndi nsalu yake m'chiuno.

Palibe anamutukwana Chisangalalo. Akanamutukwana bwenzi zili bwino, chifukwa mawu amayankhika. Tsiku lotsatira ananyamula kontena yake kupita kuseri kwa laibulale, napeza pansi pa mango pali masamba okha. Anakhala pamuzu wake, kudikira. Kenako anamva kuseka kuchokera mu ofesi ya malipiro, makatani atatseka. Mawa lakenso anapita, ndi milamba iwiri monga mwa masiku onse. Mkuja sanapitenso. Pa foni sanamuchotse m'gulu. Gululo linangouma, kusonyeza kuti atsegula lina. M'makonde ankamupatsa moni wonse bwinobwino, "Mwadzuka bwanji, mayi Chisangalalo," dzina lonse lathunthu. La Chisa lija linafa.

Ena ankati anachita dala kuti atchuke. Ena ankati anatumidwa ndi yunivesite ina. Wina mpaka anati nanga Msena angawerenge bwanji alendo, poti iye mwini ndi mlendo. Pakamwa pa munthu ameneyo Mulungu apaone.

Ku Bangwe nako sikunagone. Mayi wina wogulitsa tomato, woyandikana benchi ndi mayi Anastasia, anadikira kuti anthu achuluke.

"Mayi Anastasia, nsalu ija tizivalabe, kapena tidikire mdzukulu wanu abwere ndi nambala ina adzasokerepo?"

Anthu anaseka. Mayi Anastasia anali asanamukhululukire mdzukulu wawo, ndipo kunyumba ankayankhulana za mchere ndi makala basi. Koma kukwiyira mwana wako m'nyumba ndi kwina, kumva wakunja akumutafuna ndi kwinanso. Anadzuka pang'onopang'ono, namanga nsalu yomweyo mwamphamvu.

"Inu amayi, tomato wanu wowola mumamuika pansi pa mulu, wabwino pamwamba. Munayamba mwaitanapo kasitomala kuti bwererani, ndakupatsani wowola? Mwana wa Ignasio analakwitsa, anadzigwira yekha, anakanena yekha, popanda womuopseza. Kubanja kwanu alipo wotero? Mutchuleni, ndikhale pansi!"

Mayi uja anayamba kukonza milu yake. Madzulo ake mayi Anastasia anagula nthochi zakupsa, zimene mdzukulu wawo amakonda, naziika patebulo osanena kanthu. Chisangalalo anadya imodzi akulira. Koma agogo ndi agogo. Sangalowe m'malo mwa anzako a msinkhu wako, oseka nawo zopusa masana.

Chaka chinatha. Ntchito sanamuchotse, ndipo sanapemphe kuchoka. Ankafika m'mawa, kugwira zake, kuweruka, kukwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe, atakhala pawindo. Mafunso a bungwe lija atabweranso, akuluakulu anafuna kupatsa munthu wina. Aliyense anakana. Uyu ati ndatanganidwa, uyo ati maso akundivuta. Ntchitoyo inazungulira maofesi onse ngati mwana wamasiye, mpaka bambo Willard anabwera nayo okha pakhomo pake.

"Palibe akufuna kuika dzina lake m'munsimu," anatero. "Akuti lanu lokha ndi limene kunjako angalikhulupirire."

Anailandira. Ulendo uno sanafunse kompyuta yokha. Nthawi imeneyo n'kuti boma litapereka ziphaso za unzika, choncho anayenda kalasi ndi kalasi, kupempha mphunzitsi mphindi zochepa, n'kuima kutsogolo, munthu wamanyazi uja.

"Sindikufunsa kwanu," ankatero. "Kwanu ndi kwanu, palibe angakulandeni. Ndikufunsa chiphaso chimene muli nacho m'thumba."

Ophunzira ankaseka, ena kumuitana kuti a imigireshoni, koma ankatulutsa.

Ali mkati mwa ntchito imeneyo anamva kuti Betty wapeza ntchito ku Lilongwe. Sanamve kwa mwiniwake. Anamva kwa mayi wokolopa, amene ankafunsa ngati naye wasonkha za phwando lotsanzikana. Phwandolo linachitika Lachisanu masana mu ofesi yoyandikana ndi yake. Khoma lake ndi la matabwa. Anamva nyimbo, mabotolo, zoyankhula za uyu ndi uyo, ndi kuseka kwa Betty kuja. Anakhala pa desiki, manja pa kiyibodi, osalemba kanthu.

Phokoso litachepa, wina anagogoda. Betty anaima pakhomo, chikwama paphewa, mphatso zokutidwa m'manja. Sanalowe.

"Ndikupita," anatero.

"Ndamva, asisi. Muyende bwino."

Betty anayang'ana pansi, kenako anamuyang'ana m'maso.

"Ukudziwa, za nambala zija ine sindinakwiye nazo. Unachita zoyenera, aliyense akudziwa, ngakhale sanganene. Za Mayi 63 nazonso ndinazolowera, ana anga omwe amandiitana choncho. Koma tsiku lija mu holo ndinakufunsa, unandiyang'ana n'kunena kuti ali m'makalasi. Loweruka lonse, Lamulungu lonse, ndikukutumizira zithunzi ngati chitsiru. Tinkadya mbale imodzi, iwe. Ukanandiuza ine kaye."

Chisangalalo anali atakonza mayankho ambiri chaka chonsecho, mu minibasi, pa Misa, posamba. Anali ndi yankho la wonena kuti anafuna kutchuka, ndi la wonena kuti anatumidwa. La mawu awa analibe.

"Ndinkaopa," anatero. "Ndinkaopa kuti mundisiya."

"Mwina ndikanakalipa. Mwina sabata yathunthu. Koma unandisankhira wekha."

Panja galimoto inaliza hutala. Betty anasuntha mphatso zake kuziika kudzanja lina, ngati akufuna kutambasula lamanja, koma wina anamuitana m'khonde, natembenuka.

"Uwapatse moni agogo," anatero, napita.

Chisangalalo anamvetsera nsapato zake mpaka zinasiya kumveka. Kenako anayang'ana wotchi, natenga mapepala ake. Kunali kutatsala kalasi ya ophunzira a madzulo, ndipo akachedwa mphunzitsi akanayamba.

Alipobe pa yunivesite paja. Bambo Willard atapuma, ofesi yonse ya chiwerengero anamupatsa iyeyo. Nambala ya sukuluyo siinafikenso pa 63, ndipo palibe anadinditsanso nsalu. Aphunzitsi akuluakulu amagogoda asanalowe kwa iye, amamufunsa, amamvera zimene wanena. Ulemu ali nawo wodzaza dengu. Koma foni yake ikalira madzulo, amakhala agogo ake, kufunsa ngati wakwera kale minibasi.